Thandizo likamakwera phiri: mafunso ndi mayankho pa zimene zinachitika ku Nepal

Loweruka pa 25 Epulo 2015, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko masana, dziko la Nepal linagwedezeka ndi chivomezi cha mphamvu ya 7.8. Chinayambira m'boma la Gorkha, makilomita pafupifupi 80 kumpoto chakumadzulo kwa likulu la dzikolo, Kathmandu. Anthu pafupifupi 9,000 anafa, oposa 20,000 anavulala, ndipo nyumba zoposa theka la miliyoni zinagwa. Mayiko anathamangirako ndi katundu wadzaoneni. Koma milungu inadutsa midzi ina ya m'mapiri isanalandire kalikonse, pamene pabwalo la ndege katundu anali mbwee.

Ngati katundu anafika wochuluka chonchi, anthu anavutikiranji?

Kufika ku Kathmandu si kufika kumudzi. Nepal ilibe nyanja yamchere. Katundu wa pasitima yapamadzi amatsikira kudoko la Kolkata ku India, n'kuyendanso masiku angapo pamtunda asanalowe m'dzikomo. Njira yachangu inali ya ndege, koma pa nthawiyo dziko lonse linali ndi bwalo limodzi lokha lolandira ndege zakunja, la Tribhuvan, lokhala ndi msewu umodzi woterapo ndi kunyamukirapo. Malo oimikapo ndege zikuluzikulu anali owerengeka ndi zala. Ndege zina zinkangozungulira m'mwamba kudikira mpata, zina zinkabwezedwa ku India. Pasanapite nthawi phula la msewu wa ndegewo linayamba kukumbika chifukwa cholemedwa, ndipo kumayambiriro kwa Meyi akuluakulu a bwalolo analetsa ndege zolemera kuposa matani 196.

Apo ndi pokolera poyamba chabe. Katundu akatuluka pabwalo, lole imamusiya pamene phula lathera. Thirakitala kapena galimoto yaing'ono yamphamvu imamutenga n'kukamutula pamene msewu wafumbi wathera. Pamenepo nyulu zimasenza, ndipo pomwe nyulu zakana, munthu amabereka. Paliponse posinthira chonyamulira pamafunika malo ouma, mlonda, wolemba m'buku, komanso anthu omasula mitolo ikuluikulu n'kuimanganso ting'onoting'ono. Chimodzi mwa izi chikasowa, ulendo wonse waima. N'chifukwa chake bungwe la WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, yomwenso imatsogolera ntchito ya mtengatenga pa ngozi zikuluzikulu, linafulumira kukhoma matenti aakulu osungiramo katundu ku Deurali m'boma la Gorkha ndi ku Chautara m'boma la Sindhupalchok, kumene kunafa anthu oposa 3,000.

Bwanji osangonyamula zonse pa helikopita?

Aliyense amayambira pamenepa, ndipo yankho lake lili mumpweya. Helikopita imayandama chifukwa mapiko ake ozungulira amakankhira mpweya pansi. Kumtunda mpweya ndi wochepa: pa mamita 5,500 umatsala pafupifupi theka la umene umapezeka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mapiko amasowa pogwira, injini nayonso imabanika. Woyendetsa amatsala ndi chochita chimodzi, kupepuza ndege yake. Amathira mafuta ochepa, amachotsa mipando, amachepetsa matumba. Kukatentha mpweya umapepukiratu, choncho maulendo ambiri amakhala a m'mamawa. Dzuwa likamafika paliwombo, nthawi zambiri mitambo imakhala itatseka zigwa ndipo mphepo itayamba kukokera uku ndi uku.

Zimene zinachitika pa phiri la Everest zikuonetsa bwino. Chivomezicho chinagumula chipale chofewa ndi madzi oundana, zomwe zinakokolola msasa wa m'munsi ndi kupha anthu pafupifupi 20. Okwera phiri oposa 100 anatsekerezedwa kumtunda, pa misasa ya mamita 6,000 ndi kupitirira apo. Mahelikopita aang'ono a mtundu wa AS350 B3 ankawatsitsa awiriawiri, pamene kuchigwa helikopita yomweyo imanyamula anthu asanu kupatula woyendetsa. Ndi mtundu womwewu umene Didier Delsalle wa ku France anaukhazika pansonga penipeni pa Everest mu Meyi 2005, koma iye anali yekha, atachotsamo chilichonse chochotseka. Mahelikopita aakulu a ku Russia, a Mi-8 ndi Mi-17, amanyamula matani atatu kapena anayi kuchigwa, koma akamakwera katundu wawo amanka nachepa.

Ndiye pali vuto la poterapo. Midzi ya kumeneko yazunguliridwa ndi minda yosemedwa ngati masitepe m'mbali mwa phiri, ina yopyapyala moti mapiko angathe kukhudza khoma la munda wa kumtunda. Pamalo otere ukulu si mwayi. Dziko la Britain linatumiza mahelikopita atatu a Chinook, zimphona za mapiko awiri. Anafika ku India, anadikira kumeneko, kenako anabwerera kwawo osagwira ntchito. Boma la Nepal linawakana poopa kuti mphepo yawo isasula madenga ndi kugwetsa nyumba zomwe zinali zitagwedezeka kale. Ndege za Osprey za ku America zinaloledwa, koma nazonso zinadandaulidwa pa chifukwa chomwecho.

Ndipo ntchitoyi imadya anthu. Pa 12 Meyi helikopita ya asilikali a ku America inagwa pafupi ndi Charikot n'kupha onse 13 amene anali m'menemo: asilikali 6 a ku America, awiri a ku Nepal, ndi anthu wamba asanu. Pa 2 Juni ina, yomwe inachitidwa hayala ndi bungwe la madokotala la MSF, inagwa ku Sindhupalchok n'kupha anthu anayi.

Helikopita ndi yofunika, ndipo masiku oyambirira palibe cholowa m'malo mwake. Koma ntchito yake yeniyeni ndi kutsitsa ovulala, kukweza madokotala ndi mankhwala, ndi kukaona komwe kwaonongeka. Kudyetsa chigwa chonse pa helikopita kwa miyezi isanu n'kutentha ndalama zomwe zikanagula chakudya chochuluka kwambiri.

Nanga osangoponya matumba kuchokera m'mwamba?

Pachigwa zimatheka. Paphiri thumba likagwa limaphulika pamwala, kapena limagubuduzika mpaka kukalowa mumtsinje. Limene lapulumuka amatola ndi wamiyendo yamphamvu, ndipo gogo amene wathyoka mwendo amangomva mbiri yake. Chothandiza ndi kumangirira katundu mu ukonde wolendewera kunsi kwa helikopita n'kumutsitsa pang'onopang'ono pamalo pomwe pali munthu wolandira, ali ndi kaundula m'manja.

Ndiye katundu wambiri anakwera bwanji?

Pamsana. Ku Nepal kunyamula katundu ndi ntchito ya makolo, ndipo zida zake n'zosavuta. Pali dengu lansungwi lotchedwa doko, lotambalala kukamwa, loonda kumunsi. Pali lamba wotchedwa namlo, amene amakoleka dengulo n'kudutsa pamwamba pa mphumi, kotero kuti kulemera kumatsika ndi khosi ndi msana. Wonyamula amayenda atawerama, maso pansi, masitepe afupiafupi. Kumadera a Everest ambiri amagwira kandodo kafupi, kokhala ndi kamtanda kumutu. Akatopa amakaika kunsi kwa dengu n'kupuma ali chiimire. M'mbali mwa njira zakale makolo awo anamanga timakhonde tamiyala tofika m'chiuno, pomwe munthu amatsamiritsa dengu osalitula. Amtengatenga a malonda amanyamula katundu wolemera pafupifupi ngati thupi lawo lomwe.

Chivomezi chitachitika, alendo okwera mapiri anathawa, ndipo amtengatenga ndi olondolera njira anatsala manja lende. Bungwe la WFP linagwirizana ndi mabungwe awiri a ntchitoyi, la Trekking Agencies' Association of Nepal ndi la Nepal Mountaineering Association, n'kulemba ganyu anthu zikwizikwi. Aliyense ankapatsidwa mtolo wa makilogalamu 30, muyezo wolemekeza msana wa munthu. Nzeru yake inali yakuti ndalama ya mtengatenga, m'malo mothera ku mafuta a ndege, inkatsala m'manja mwa anthu a m'midzi yomweyo yokhudzidwayo.

Tiwerengere limodzi kuti tione kukula kwa ntchito. Munthu mmodzi amafuna pafupifupi theka la kilogalamu ya chakudya chouma patsiku. Mudzi wa anthu 1,000 ukufuna makilogalamu 500 patsiku, omwe ndi matani 15 pamwezi. Tikagawa ndi 30, ndi mitolo 500. Ngati mudziwo uli pa mtunda wa masiku atatu kupita kokha, munthu mmodzi angayende maulendo asanu pamwezi, ndiye pakufunika anthu 100 osapuma, a mudzi umodzi wokhawo, chakudya chokha, malata ndi mabulangete tisanawerengere. Wonyamulayo nayenso amadya m'njira. Nyulu imasenza kuwirikiza kawiri pa munthu, koma imafuna njira yotakata pang'ono, ndipo pomwe pagumuka siidutsa.

Apa m'pamene pali nkhani imene makamera sanaijambule kwenikweni. Anthuwa asanayambe kunyamula, anayamba ndi kukonza njira. Chivomezi chinagumula mapiri malo oposa 20,000, ndipo tinjira tambiri tinadukaduka. Timilatho tolendewera pa zingwe zachitsulo, tomwe ku Nepal tilipo zikwi zingapo, tina tinazuka. Kumpoto kwa Gorkha njira yotsata mtsinje wa Budhi Gandaki inatsekeka, ndipo midzi ya kumtunda, yomwe imadalira nyulu pa mchere, mpunga ndi mafuta, inakhala ngati yatsekeredwa m'khola. Katundu wina anachita kuzungulira kudzera ku Manang, nyulu zikudutsa pampata wa Larkya La, pa mamita oposa 5,000. Magulu a anthu okhala ndi mapiki, mafosholo ndi zingwe ankasema njira yatsopano pathanthwe. Njira ikatseguka, sikuti thandizo lokha ndilo linkadutsa. Wamalonda ankabwerera ndi nyulu zake, wodwala ankatsika kupita kuchipatala, mwana ankafika kusukulu. Kwa ine, pa ndalama zonse zimene zinathiridwa m'mapiri amenewa, za piki ndi fosholo ndizo zinabala kwambiri.

Pamene mtolo uli wochepa chonchi, amayamba ndi chiyani?

Kilogalamu iliyonse imayenera kudziyankhira. Choyamba chinali pogona: malona, zingwe, mabulangete. Kenako mpunga, mphodza, mafuta ophikira ndi mchere, pakuti chakudya cha tsiku ndi tsiku kumeneko ndi mpunga wa ndiwo za mphodza. Masiku oyamba ankanyamulanso mabisiketi opatsa mphamvu, chifukwa ndi opepuka ndipo safuna moto.

Koma opereka sapereka zimene zapemphedwa nthawi zonse. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Ram Sharan Mahat, inadandaula poyera kuti dziko lake lalandira nsomba za m'zitini ndi mayonezi pamene anthu akufuna mbewu zodya, mchere ndi shuga. Mphatso yosapemphedwa si yaulere. Imatenga malo mundege, imatenga malo m'tenti yosungiramo katundu, ndipo munthu amene akanakweza mpunga pa lole amathera tsiku akusankhula zovala zakale ndi mankhwala olembedwa m'chinenero chomwe namwino wa kumeneko sangawerenge.

Chimene anthu ankalira kwambiri chinali malata. Lona imatha msanga padzuwa ndi pamphepo, koma ndi malata banja limamanga chisakasa pogwiritsa ntchito mitengo ndi miyala ya nyumba yakugwayo, ndipo pomanga nyumba yeniyeni malata omwewo amakwera padenga. Kuipa kwake, malata ndi katundu wovuta pamsana. Ndi aatali, akuthwa m'mbali, amakola pokhota, ndipo mphepo ikawomba pamalo potsetsereka amasanduka thanga lokankhira munthu kuphompho.

Nzeru ya malatayi inachokera kuti?

Mbali yaikulu inaphunziridwa ku Pakistan zaka khumi m'mbuyomo. Pa 8 Okutobala 2005 chivomezi cha mphamvu ya 7.6 chinasakaza dera la Kashmir ndi madera oyandikana nalo, n'kupha anthu oposa 73,000 m'dzikomo. Matauni a Muzaffarabad ndi Balakot anaphwasuka. Linalinso Loweruka, koma kumeneko linali tsiku la sukulu, ndipo ana zikwizikwi anafera m'makalasi. Ku Nepal Loweruka ndi tsiku lopuma, ndipo chivomezi chinapeza sukulu zili zotseka, anthu ambiri ali panja.

Ku Pakistan anthu pafupifupi 3 miliyoni anatsala opanda pogona, chisanu chili pakhomo. Matenti anatumizidwa zikwizikwi, koma kunapezeka kuti ambiri anali a nyengo yotentha, osapirira chipale. Mabanja ankasonkha moto m'kati kuti afunde, ndipo matenti ena ankapsa ndi anthu omwe. Akuluakulu ankayembekezera kuti anthu a kumtunda atsikira kumisasa ya kuchigwa. Ena anatsikadi, koma ambiri anakana. Ziweto azisiya ndi yani? Munda ukatsala wopanda mwini, adzaupezanso? Zinatengera ogwira ntchito zothandiza kusintha maganizo: m'malo motsitsa anthu, anayamba kukweza malata, misomali, macheka ndi mbaula, kuti banja lililonse limange chipinda chimodzi chofunda pamalo pake pomwepo. Mahelikopita a Chinook, omwe Nepal inadzawakana, kuno anagwira ntchito yotamandika, ndipo asilikali a Pakistan anathandizira ndi nyulu zawo. Imfa zambiri za chisanu zomwe zinkaopedwa sizinachitike.

Ku Pakistan komweko n'kumene United Nations inayesa koyamba dongosolo logawana ntchito m'magulu, kuti za pogona zikhale ndi mtsogoleri wake, za umoyo wake, za mtengatenga wake, m'malo moti bungwe lililonse lizilimbirana lole ndi helikopita palokha.

Kodi kutalika kwa phiri kumavutitsanso opereka thandizowo?

Kwambiri. Munthu wa kuchigwa akakwera mofulumira kupitirira mamita 2,500, mutu umayamba kuwawa, amachita nseru, tulo timasowa. Akaumirira kukwerabe, madzi angathe kudzadza m'mapapo kapena ubongo kutupa, ndipo zonsezi zimapha. Madokotala amalangiza kuti kupitirira mamita 3,000 munthu asamakweze malo ogona ndi mamita oposa 500 patsiku. Helikopita imaphwanya lamulo limeneli m'mphindi makumi awiri. Dokotala amene watsitsidwa pamudzi wa kumtunda akhoza kukhala wodwala woyamba wofuna kunyamulidwa mawa lake.

Zipangizo nazo zimadwala. Kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Dizilo amalimba ngati phala, mabatire a foni ndi a wailesi amatha msanga, jenereta imataya mphamvu chifukwa chosowa mpweya. Madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 90 ukakhala pa mamita 3,000, motero mphodza zimachedwa kupsa ndipo nkhuni zimatha zambiri. N'chifukwa chake m'makhitchini a kumeneko poto wotseka ndi mphamvu ya nthunzi ndi chuma. Ndipo katemera, amene kwathu timavutika kuti asatenthedwe, kumeneko amavutika kuti asaundane: wa kafumbata ndi wa matenda a chiwindi a mtundu wa B akaundana, waonongeka.

Anthu amakamba za "kuthamangitsana ndi mvula". Zinali zotani?

Mvula ya monsoon imayamba mu Juni n'kugwa mpaka Seputembala. Kuchokera pa 25 Epulo panali milungu isanu ndi iwiri yokha. Mvula ikayamba, misewu yafumbi imasanduka matope, mitambo imatsekereza mahelikopita kwa masiku, ndipo mapiri omwe ang'ambika kale amagumuka mosavuta. Choncho sikunali kokwanira kudyetsa anthu tsiku limenelo. Pankafunika kukweza chakudya cha miyezi ingapo njira zisanatsekeke. Ntchito ili m'kati, pa 12 Meyi chivomezi china cha mphamvu ya 7.3 chinagunda chakum'mawa, kumalire a maboma a Dolakha ndi Sindhupalchok, n'kutsekanso njira zomwe zinali zitangotsegulidwa. Chakumapeto kwa mwezi womwewo phiri linagumukira mumtsinje wa Kali Gandaki n'kuutseka, ndipo anthu a kumunsi anathawira kumtunda poopa kuti damu longodzipangalo liphulika.

Mvula yomweyo ndi imene mlimi amaidikira. Mbewu za mpunga ndi mawere zinali zitakwiririka m'nyumba zakugwa. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za ulimi, linagawa mbewu ya mpunga ndi matumba osungiramo zokolola, ndipo pa mitolo yonse umenewu unali wosadikira. Bulangete likachedwa ndi mwezi limafundabe. Mbewu ikachedwa ndi mwezi, njala ya chaka chamawa yalowa kale.

Amadziwa bwanji mudzi umene wavutika kwambiri?

Kawirikawiri umakhala umene uli chete. Mudzi wa Langtang, womwe unali pa mamita pafupifupi 3,400, unakwiririka ndi chigumukire cha madzi oundana ndi miyala chochokera paphiri la Langtang Lirung. Anthu pafupifupi 300 anafa m'chigwa chimenecho, eni mudzi ndi alendo omwe. Kumalo otere kulibe woimba foni. Pamene mudzi wa m'mbali mwa msewu, womwe atolankhani afikako, umalandira kawiri kapena katatu, wa kuseri kwa phiri umadikira. Si nkhanza ayi, n'chifukwa chakuti lole imaima pomwe ingathe kuima.

Mapu anathandiza. Kagulu ka achinyamata ka Kathmandu Living Labs, pamodzi ndi anthu zikwi zingapo ongodzipereka pa intaneti, kanajambula misewu, tinjira ndi nyumba pa OpenStreetMap pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti, ndipo kanatsegula tsamba lolandira madandaulo a m'midzi lomwe asilikali ankaligwiritsanso ntchito. Koma mapu sakuuza amene wadumphidwa pa kaundula. Nepal inali isanachite chisankho cha maboma aang'ono chiyambire 1997, ndipo china chinadzachitika mu 2017. Kumudzi kunalibe mtsogoleri wosankhidwa woti anthu amugwire pamkono. Mayina ankalembedwa ndi alembi a boma ndi nthumwi za zipani, ndipo panamveka madandaulo akuti a Dalit, omwe chikhalidwe cha kumeneko chimawaika kumunsi, amayi amasiye, ndi anthu opanda zitupa ankatsalira.

Si kwabwino kungowapatsa ndalama?

Pomwe msika ukuyenda, inde. Ndalama ilibe kulemera, ndipo banja limadziwa lokha chimene likusowa. Boma linapereka marupi 15,000 ku banja lililonse lomwe nyumba yake inagwa kuti ligule malata. Koma ndalama siidyedwa. Kumtunda, komwe njira yaduka, sitolo ili mbee, ndipo zochepa zotsalazo mitengo yake yakwera. Banki ili pa mtunda wa masiku awiri. Komanso midzi yambiri inali yopanda anyamata, popeza anapita kukagwira ntchito ku Qatar, ku Saudi Arabia, ku Malaysia ndi ku India. Mayi wa ana atatu atapatsidwa ndalama, amafunikabe munthu womukwezera malatawo. Ndalama ndi njira zimayendera limodzi.

Pali chimene chinayenda bwino chifukwa chokonzekeratu?

Chilipo. Akatswiri anali atachenjeza kwa zaka zambiri kuti chivomezi chachikulu chikubwera, ndipo mu Malichi 2015, mwezi umodzi wokha ngozi isanagwe, boma ndi WFP anatsegula malo olandirira katundu wa thandizo pafupi ndi bwalo la Tribhuvan, ndi ndalama zochokera ku Britain. Panali matenti osungiramo katundu, makina onyamulira mitolo, zipangizo zolumikizirana, ndi anthu ophunzitsidwa kale. Akatswiri a mtengatenga amati malowa anapulumutsa milungu ingapo.

Chomwe sichinakonzedwe mokwanira ndi mapepala. Masiku oyamba a kasitomu ankafuna kuona katundu yense monga mwa nthawi zonse, mpaka mkulu wa United Nations m'dzikomo, Jamie McGoldrick, anadandaula poyera. Sindikuwaweruza kwambiri a kasitomuwo. Dziko lili ndi ufulu wodziwa chimene chikulowa, ndipo pachisokonezo akamberembere salephera. Koma lamulo lofewetsa msonkho ndi chipikisheni pa nthawi ya ngozi limalembedwa kukadali bata, osati ndege zikuzungulira pamutu.

Ife tilibe mapiri a Himalaya. Zikutikhudza pati?

Nsonga ya Sapitwa, paphiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002, kutsikirapo poyerekeza ndi pomwe panali mudzi wa Langtang, ndipo palibe amene amakhalako. Choncho za kuchepa kwa mpweya si zathu. Koma napolo timamudziwa: Phalombe mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Soche mumzinda wa Blantyre. Milatho itapita, madera ngati Nkhulambe anakhala osafikika pagalimoto, ndipo tinadalira mahelikopita obwereka, ena ochokera ku Tanzania. Anzathu a ku Chimanimani ku Zimbabwe anaona zomwezo ndi namondwe wa Idai mu 2019. Nafenso tilibe doko lathu la kunyanja yamchere. Mafunso a ku Gorkha ndi athu omwe: katundu tamusungira mbali iti ya mtsinje, ndani akudziwa njira yachidule yodutsa kuseri kwa phiri, ndipo dzina lake lili m'buku la yani?

Tibwerere ku Nepal. Mvula itatha, zinthu zinayamba kuyenda?

Ayi. Chimene chinaimitsa malole sichinali phiri. Pa 20 Seputembala 2015 Nepal inakhazikitsa malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo anthu a mtundu wa Madhesi a kuchigwa cha kummwera, omwe ankaona kuti malamulowo awapondereza, anakhala pansi pachipata cha Birgunj, chomwe chimalowetsa katundu wambiri wochokera ku India. Boma la Nepal linati India ndiyo yatseka malire mwadala; India inakana, n'kunena kuti madalaivala ake akuopa zipolowe. Zoona zake zikhale zilizonse, mafuta onse a dzikolo ankachokera ku India, ndipo anauma. Mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta inkatalika makilomita. Mumzinda anthu anabwerera ku nkhuni chifukwa gasi wophikira anasowa, zipatala zinayamba kuperewera mankhwala, ndipo bungwe la UNICEF linachenjeza kuti ana aang'ono oposa 3 miliyoni ali pachiopsezo m'nyengo yachisanu.

Imeneyi inali nyengo youma, yokhayo yabwino kukweza mabulangete, mbaula ndi zomangira chipale chisanatseke mipata. Nyulu ndi amtengatenga safuna dizilo, koma lole yowabweretsera mitolo poyambira njira imamufuna. Mayiko anali atalonjeza ndalama zoposa madola 4 biliyoni pamsonkhano wa mu Juni, koma bungwe la boma loyendetsa ntchito yomanganso linayamba kugwira ntchito mu Disembala, zipani zitatha miyezi zikukangana za amene alitsogolere. Mabanja zikwizikwi anagona chisanu chonsecho m'zisakasa za malata, zomwe usiku zimazizira ngati panja pomwe ndipo m'mawa zimadontha mame.

Chipata cha Birgunj chinatseguka mu Febuluwale 2016. Chipatachi chili chotseka, dziko la China linaperekako mafuta pang'ono kudzera pachipata cha Rasuwagadhi, pamsewu wopapatiza womwe nawonso unali utagumukiridwa. Msewu waukulu wopita ku China, wodzera ku Kodari, womwe ukanapepuza vutoli, unali utatsekedwa ndi chivomezi, ndipo chipata chake chinadzatsegulidwanso mu 2019.